Mwala wachokadi? X-ray, sikani kapena CT pambuyo pa opaleshoni ya miyala ya mu impso

Achimwene anga atatuluka m'chipatala anabwera kunyumba ndi kabotolo kotseka bwino, m'kati muli tizidutswa tinayi tachikasu chofiirira, ngati zinyenyeswa za njerwa yosapsa. Aliyense wobwera kudzawazonda ankayamba waona kabotoloko asanapatsidwe mpando. "Amene amandigoneka pansi uja ndi ameneyu," ankatero uku akukagwedeza kuti timiyalato tilire. Pa kalata yotulukira panalembedwa kuti mwala wonse wachotsedwa, ndipo X-ray imene anawajambula m'mawa mwake inali yoyera. Mitima yathu inakhala pansi.

Patatha miyezi 7, pakati pa usiku, ululu uja unabweranso: kuyambira m'munsi mwa nthiti chakumsana, kutsetsereka mpaka m'chinena, munthu wamkulu n'kumagubuduzika pasimenti, thukuta lili kamukamu. CT, makina ojambula m'kati mwa thupi mozama kuposa X-ray, inapeza kachidutswa ka mamilimita 6 katatseka njira ya mkodzo, ndi tina tiwiri tili phee pansi m'kati mwa impso. Dokotala amene anaona zithunzizo anafunsa funso limodzi lokha: "Bambo, mwala woyamba uja, opaleshoni isanachitike, unkaoneka pa X-ray?" Tinayang'anana. Titatulutsa mapepala akale, zinadziwika kuti sunkaoneka n'komwe. Unali wa mtundu umene cheza cha X-ray chimangoudutsa ngati palibe kanthu. Chithunzi choyera chija chikadakhala choyera ndithu ngakhale mwala wonse ukadakhala uli momwemo.

Kuyambira tsiku limenelo, wina akandiuza kuti mwala wachoka, ndimafunsa kuti anayang'ana ndi chiyani ndiponso anayang'ana liti. Funso limeneli n'lofunika makamaka kwa amene amakachitidwa opaleshoni kutali, ku Blantyre, ku Lilongwe, ku Johannesburg kapena ku India, n'kubwerera kwawo kumene dokotala amene anagwira ntchitoyo sangawaonenso. Kwa oterewa, kusankha chojambulira kumatsalira iwo eni ndi dokotala wa kuchipatala chapafupi.

Mafunso ndi awiri

Ambiri timaganiza kuti chithunzi cha pambuyo pa opaleshoni chimangosaka mwala wotsala. Limenelo ndi funso loyamba chabe. Lachiwiri, limene kwa ine ndi lalikulu kuposa linzake, n'lakuti kodi mkodzo ukutsika bwino kuchokera mu impso kupita m'chikhodzodzo? Njira imene umadutsamo, yomwe madokotala amaitcha ureter, ndi yopapatiza kwambiri, m'kati mwake mamilimita 3 kapena 4 basi. Mwala ukakanirira nthawi yaitali pamalo amodzi, kapena chida cha dokotala chikakanda khoma la njirayo, pamalopo pamatha kupola ndi chipsera n'kupanikiza njira. Mkodzo umadzadzana kumtunda, impso imatupa, kenako imayamba kufa pang'onopang'ono. Choopsa n'chakuti nthawi zina zimenezi zimachitika mwakachetechete. Madokotala a ku Duke University ku America analemba mu 2002 za odwala 241 amene anawachotsa miyala polowetsa chida m'njira ya mkodzo, kenako n'kuwajambulanso. Mwa iwo, 30 anapezeka ndi njira yotsekeka, ndipo 7 mwa 30 amenewa sankamva ululu uliwonse. Akadadikira kuti thupi liwauze, bwenzi impso itawonongeka iwo akulima m'munda bwinobwino.

Chojambulira chilichonse chimayankha mafunso awiriwa mosiyana. China chimaona bwino mwala koma osaona kutupa kwa impso, china chimaona kutupa koma n'kuphonya mwala.

Zimene zingatsale zimadaliranso mmene mwalawo anauchotsera. Njira yophwanya mwala ndi mafunde amphamvu ochokera kunja kwa thupi, yotchedwa ESWL, inayamba ku Munich m'dziko la Germany mu 1980. Njira imeneyi sichotsa kanthu: imangophwanya, n'kusiyira thupi ntchito yotulutsa tizidutswato mu mkodzo kwa milungu ingapo, nthawi zina miyezi itatu. Tizidutswa tikatsika tonse nthawi imodzi timatha kundandalika mu ureter ngati magalimoto pa mlatho wopapatiza, ndipo Ajeremani anatcha zimenezi Steinstrasse, kutanthauza msewu wa miyala. Njira yachiwiri ndi ureteroscopy, imene achimwene anachitidwa: kamera yopyapyala imalowa kudzera kokodzera, kukwera mpaka pamene pali mwala, n'kuuphwanya ndi leza. Madokotala ena amatola tizidutswa ndi kadengu kawaya, ena amaupera mwalawo mpaka ukhale fumbi loti lituluke lokha. Yachitatu ndi PCNL, imene Fernström ndi Johansson anaifotokoza koyamba ku Sweden mu 1976: amaboola kabowo kumsana mpaka mu impso, ndipo ndi imene amaidalira pa miyala yoposa masentimita 2 ndi ija yanthambi yodzadza impso yonse.

X-ray wamba

X-ray ya m'mimba, imene pa pepala amalemba KUB, ili ndi ubwino umene sitiyenera kuunyoza. Imapezeka m'zipatala zambiri za maboma, ndi yotsika mtengo, imatenga mphindi zochepa, ndipo cheza chake n'chochepa: pakati pa 0.5 ndi 1 millisievert (muyezo wa cheza), pamene munthu aliyense amalandira pafupifupi 2.4 pa chaka kuchokera m'nthaka, mu mpweya ndi m'mlengalenga. Miyala pafupifupi 8 mwa 10 iliyonse imakhala ya calcium, ndipo yambiri mwa imeneyi imaoneka. Mwala ukakhala kuti unkaoneka bwino opaleshoni isanachitike, kuika chithunzi chakale ndi chatsopano pamodzi kumanena zambiri. Pambuyo pa ESWL, X-ray imaonetsa bwino ngati mwala waphwanyika ndiponso ngati msewu wa miyala uja wapangika. Imaonetsanso kachubu kotchedwa stent kamene amasiya mu ureter, ngati kadakali m'malo mwake kapena katsetsereka.

Koma maso ake ndi ofooka. Malangizo a bungwe la madokotala a njira za mkodzo la ku Ulaya, European Association of Urology, amanena kuti X-ray imapeza miyala pakati pa 44 ndi 77 mwa 100 iliyonse. Mpweya ndi chimbudzi za m'matumbo zimaphimba, mafupa a msana ndi a m'chiuno amabisa, ndipo tizidutswa tosafika mamilimita 4, tofanana ndi njere ya mapira, timasowa mosavuta. Mu 1999 Margaret Pearle ndi anzake ku Dallas anachita chinthu chosavuta kumva: odwala amene anachitidwa PCNL anawajambula X-ray ndi CT, kenako analowanso ndi kamera mu impso kukaona ndi maso. Pa impso zimene zinalidi ndi tizidutswa totsala, X-ray inagwira 46 mwa 100 zokha. CT sinaphonye ngakhale imodzi.

Palinso miyala imene X-ray siiona ngakhale ikule bwanji. Ya uric acid ndiyo yodziwika, ndipo imakonda anthu a matenda a shuga, onenepa, ndi a nyamakazi ya gout, chifukwa mkodzo wawo umakhala wa asidi wambiri. Achimwene ali ndi shuga, ndipo mtundu wachikasu wa tizidutswa ta m'kabotolo kaja unali chizindikiro chimene tonse sitinachidziwe. Mankhwala ena amapanganso miyala yosaoneka. Kwathu kuno tiyenera kutchula atazanavir, amene anthu ambiri akhala akumwa ngati ma ARV a gawo lachiwiri. Amene akumwa kapena anamwapo mankhwala amenewa awatchule kwa dokotala asanajambulidwe, koma asawaleke paokha.

X-ray imathanso kunamizira. M'chiuno mwa anthu ambiri muli timitsempha tamagazi tomwe tinauma n'kukhala ngati timikanda toyera, ndipo timafanana kwambiri ndi mwala wa kumunsi kwa ureter. Kwa amene anakulira m'mbali mwa nyanja kapena m'madambo n'kudwalapo likodzo, khoma la chikhodzodzo ndi kumunsi kwa ureter kumatha kuuma n'kuoneka koyera pa chithunzi. Likodzo lomwelo limasiyanso zipsera zopanikiza njira ya mkodzo, zimene zingatupitse impso popanda mwala uliwonse. Ndipo pa funso lachiwiri lija, la kutupa kwa impso, X-ray wamba ilibe yankho ngakhale pang'ono.

Sikani

Ndikunena sikani ya ultrasound, yomwe ija amayi oyembekezera amaidziwa: mafuta ozizira pamimba, kachipangizo koyendayenda pakhungu. Ilibe cheza, ingabwerezedwe kangati konse, ndipo ndi imene amayambira kwa ana ndi amayi apakati. Mphamvu yake yaikulu ili pa funso lachiwiri. Impso yabwinobwino imaoneka ngati nyemba yokhala ndi pakati poyererapo. Ikatupa ndi mkodzo, pakati pajapo pamaoneka nthambi zakuda zotambasuka ngati zala za dzanja. Wojambula wozolowera amaona zimenezi m'mphindi imodzi. Sikani sisamalanso kuti mwala ndi wa calcium kapena wa uric acid: uliwonse umaoneka ngati kadontho kowala kokhala ndi mthunzi wakuda kumbuyo kwake.

Kufooka kwake kuli pa tinthu tating'ono ndi pa malo. Malangizo a ku Ulaya aja amati sikani imapeza miyala pafupifupi 45 mwa 100. Mbali yapakati ya ureter imabisika kuseri kwa matumbo, ndipo imene imaoneka bwino ndi yakumtunda pafupi ndi impso ndi yakumunsi polowera m'chikhodzodzo. N'chifukwa chake amakuuzani kumwa madzi n'kusakodza musanalowe: chikhodzodzo chodzadza chimakhala ngati windo loonera kumunsiko. Tizidutswa tosafika mamilimita 5 timasowa kawirikawiri pakati pa mafuta a m'kati mwa impso, amenenso amawala. Tikaoneka, sikani imakonda kutikuza ndi mamilimita pafupifupi 2. Kusiyana kumeneku si kwamasewera, chifukwa kachidutswa ka mamilimita 4 dokotala angakasiye kuti katuluke kokha, koma kakawerengedwa 6 kapena 7 angayambe kukamba za opaleshoni ina. Munthu akakhala wonenepa chithunzi chimachita chifunga, ndipo zotsatira zimadalira kwambiri dzanja ndi diso la wojambula.

Pali msampha umodzi umene umasokoneza anthu ambiri. Stent ikadali m'kati, mkodzo umatha kubwerera kuchokera m'chikhodzodzo kukwera ku impso, ndiye impso imaoneka yotupa pang'ono ngakhale palibe chatseka. Ikangochotsedwa kumene, njira imakhala ikadali yotupa. Sikani yofuna kuyankha funso la kutsekeka imakhala ndi tanthauzo pakapita milungu 4 mpaka 6 stent itachoka.

Ikaphatikizidwa ndi X-ray, zinthu zimasintha. Imodzi imaona mwala wa calcium mu ureter mmene inzake siifika, inayo imaona kutupa ndi miyala imene X-ray siiona. Bungwe la American Urological Association linavomereza kuphatikiza ziwirizi pambuyo pa ESWL ndi ureteroscopy kwa munthu amene mwala wake unkaoneka pa X-ray. Kwa munthu wa ku Mzimba, ku Nsanje kapena ku Chipata, amene CT ili ulendo wa tsiku lathunthu, iyi ndi nkhani yabwino: zida ziwiri zimene zili pafupi, zikagwiritsidwa ntchito pamodzi ndi pa nthawi yake, zimakwanira pa odwala ambiri.

CT: diso lakuthwa, ndi mtengo wake

Makina a CT anayamba kujambula odwala ku London mu 1971, ntchito ya Godfrey Hounsfield, koma pa miyala ya mu impso anayamba kudaliridwa kuyambira 1995. Pa ntchito imeneyi sipafunika jekeseni wa mankhwala owalitsa. Mumagona pa bedi, limalowa mu mphete yaikulu, mumagwira mpweya masekondi ochepa, basi. Makinawo amadula thupi m'zithunzi zopyapyala ngati magawo a buledi, ndipo matumbo kapena mafupa sizingabise kanthu. Amapeza miyala yoposa 95 mwa 100, mpaka tizidutswa ta milimita 1 kapena 2 tonga njere ya mawere. Amanena kukula kwake kwenikweni, malo ake enieni, ndiponso ngati impso yatupa. Amayezanso kulimba kwa mwala pa muyezo wotchedwa dzina la Hounsfield yemweyo: wa uric acid umagwa pansi, kawirikawiri osafika 500, pamene woposa 1,000 ndi wouma moti mafunde a ESWL amavutika kuuphwanya. Miyala yochepa chabe, monga ya mankhwala akale a HIV otchedwa indinavir, ndi imene imatha kuzemba ngakhale CT.

CT itabwera, inachititsa manyazi ziwerengero zimene madokotala ankanyadira. Pa nthawi imene ankayeza ndi X-ray, zinali zachilendo kumva opaleshoni ya ureteroscopy ikulephera. Malipoti ambiri ankanena za odwala 9 mwa 10 otsala opanda mwala. Mu 2005 kafukufuku wina wotsogozedwa ndi Pearle yemwe uja anayerekeza ESWL ndi ureteroscopy pa miyala yosaposa sentimita imodzi ya pansi pa impso, n'kuyeza zotsatira ndi CT. Otsala opanda kachidutswa kalikonse anali 35 mwa 100 pa ESWL ndi 50 mwa 100 pa ureteroscopy. Madokotala sanaipe dzanja ayi, koma diso loyang'anira ndilo linakula mphamvu. Ndiye chipatala chikamakuuzani kuti odwala ake ambiri amatuluka opanda mwala, funsani mwaulemu kuti amatsimikiza ndi chiyani.

Kodi tizidutswa timeneti tili ndi ntchito? Kwa zaka zambiri tosaposa mamilimita 4 ankatitcha topanda vuto, ndipo wodwala ankalembedwa kuti wachira. Ine dzina limeneli silindisangalatsa, chifukwa ndinaona chimene kachidutswa kopanda vuto kamachita pakati pa usiku. Gulu la zipatala za ku America ndi Canada lotchedwa EDGE linalemba mu 2016 za odwala 232 amene anatsala ndi tizidutswa pambuyo pa ureteroscopy. Mwa 100 aliwonse, 44 anadzakumana ndi vuto, kaya ululu, kukula kwa kachidutswako kapena kugonekedwa, ndipo 29 anafunika kuchitidwanso opaleshoni. Amene anatsala ndi toposa mamilimita 4 ndi amene anavutika kwambiri. Kachidutswa kotsala kali ngati mbewu: mchere wa mu mkodzo umamatirira pa iko tsiku ndi tsiku. Pansi pa impso ndi pamene timakonda kukhazikika, poti kuti tituluke tiyenera kukwera chitunda.

Komabe sindinganene kuti aliyense athamangire CT. Choyamba ndi cheza. CT wamba ya miyala imapereka pafupifupi 5 millisievert, ndipo pa makina ena imafika 10, kutanthauza cheza cha zaka ziwiri mpaka zinayi m'masekondi ochepa. Kamodzi si nkhani yodetsa nkhawa kwambiri. Koma matenda a miyala ndi obwerezabwereza: pafupifupi theka la odwala amapanganso mwala wina pasanathe zaka 10, ndipo mnyamata amene wayamba ali ndi zaka 25 angadzajambulidwe kambirimbiri pa moyo wake. Cheza chimaunjikana, ndipo chimakweza pang'ono chiopsezo cha khansa. Yankho lake ndi CT ya cheza chochepa, imene pa pepala amalemba low-dose, yomwe imatha kutsika mpaka 1 kapena 2 millisievert. Si makina ena, ndi omwewo ongochunidwa mosiyana. Kwa munthu wosanenepa kwambiri imaona bwino tizidutswa toposa mamilimita 3, ndipo n'timene timafunika kwambiri kudziwa. Pemphani kuti mawu amenewa alembedwe pa pepala lokutumizani, chifukwa akapanda kulembedwa wojambula angagwiritse ntchito muyezo wa masiku onse.

Chachiwiri, diso lakuthwa limaona ndi zosafunika zomwe. M'minofu ya impso mumatha kukhala timadontho ta calcium tomatirira, timene Alexander Randall anatifotokoza mu 1937, ndipo pa CT timaoneka ngati timiyala totsala pamene si toti n'kutola. Pa kafukufuku wa ku Dallas uja, CT inkaloza tizidutswa nthawi zina pamene kamera sinapeze kanthu. Chachitatu n'chimene tonse tikuchidziwa: CT ili m'mizinda ikuluikulu, ku zipatala zolipira mtengo wake umaposa wa sikani kangapo, ndipo pamwamba pake pali thiransipoti ndi malo ogona.

Zina ziwiri ndingozitchula mwachidule. IVU, imene amabaya mankhwala owalitsa mu mtsempha n'kujambula X-ray kangapo pamene mankhwalawo akutsika ndi mkodzo, ndi njira yakale koma ikadali yothandiza kumene kulibe CT, makamaka sikani ikaonetsa kutupa ndipo dokotala akufuna kudziwa pamene patsekeka. Imafuna kuti ayambe ayeza magazi kuona mmene impso zikugwirira ntchito. MRI, imene imajambula ndi maginito popanda cheza, siona mwala weniweniwo bwino. Ntchito yake ili kwa mayi wapakati amene sikani yalephera kumuyankha.

Tsiku lojambula

Kuona maso a nkhono n'kudekha. Chithunzi cha tsiku lotsatira opaleshoni chimakhala chodzadza ndi fumbi la mwala, magazi oundana ndi kutupa kwa mabala, ndipo zambiri mwa zimenezi zimatuluka zokha. CT ya tsiku limenelo imaopseza pachabe, X-ray ya tsiku limenelo imatonthoza pachabe. Madokotala ambiri amasankha kudikira milungu pafupifupi inayi, ndipo pa ESWL chigamulo chomaliza chimatha kudikira mpaka miyezi itatu. PCNL ndi yosiyana pang'ono: kachubu ka kumsana kakadali m'malo, dokotala angafune CT m'masiku oyambirira, chifukwa kachidutswa kakakulu kakapezeka angalowenso pa bowo lomwelo lisanatsekeke.

Kudikira kumeneku n'kwa munthu amene akupeza bwino. Thupi likatentha, mukamanjenjemera, mukamasanza osaleka, ululu ukamakula, kapena mkodzo ukachepa kwambiri, tsiku lojambula ndi lomwelo. Kwathu kuno kutentha thupi kulikonse timakuika pa malungo, n'kuyamba LA. Munthu amene wangochitidwa opaleshoni ya mwala asatero. Impso yotsekeka imene mwalowanso tizilombo imatha kupha m'masiku ochepa, ndipo mankhwala okha sakwanira mpaka mkodzo wotsekeredwawo utatsegulidwira njira. Pitani kuchipatala, ayeze malungowo, koma nenani msanga za opaleshoniyo ndipo pemphani sikani.

Za stent ndinenenso mawu amodzi, poti ndi pamene anthu amene anakachitidwa opaleshoni kutali amagwera. Kachubu kameneka si kokhalitsa. Kawirikawiri kamayenera kuchoka pakapita masiku kapena milungu yochepa, ndipo kakaiwalika miyezi yambiri kamakutidwa ndi mchere n'kusanduka mwala wautali kuchokera ku impso mpaka m'chikhodzodzo, wovuta kuchotsa kuposa woyamba uja. Musanatuluke funsani ngati akusiyirani stent, ndipo tsiku lochotsa lilembedwe m'buku lanu la kuchipatala. Ngati simukudziwa ngati muli nayo, X-ray imodzi ikuyankhani.

Nditakhala ine

Mwala wanga utakhala wa calcium, unkaoneka pa X-ray, ndachitidwa ESWL kapena ureteroscopy ndipo ndikupeza bwino, ndingasankhe sikani ndi X-ray pamodzi pakapita mwezi umodzi kapena mwezi ndi theka. Zonse zikakhala zoyera, CT ndingaisiye. Ngakhale dokotala atanena kuti anatola mwala wonse wathunthu ndi kadengu, sikani yokhayo sindingaidumphe, chifukwa cha anthu 7 a ku Duke aja.

Ndalama za CT ndingazisake mosazengereza pa zinthu izi. Mwala ukakhala wosaoneka pa X-ray. Sikani ikaonetsa kuti impso ikadali yotupa, kapena ululu ukapitirira pamene zithunzi zina zikuti palibe kanthu. Dokotala akafuna kundichitanso opaleshoni potengera muyezo wa sikani yokha. Ndikakhala ndi impso imodzi. Ndiponso, koposa zonse, mwala ukakhala wa matenda a m'njira ya mkodzo, umene amautcha struvite. Umenewu umapangidwa ndi tizilombo monga Proteus, umakonda amayi amene amadwaladwala matenda a mkodzo, umakula msanga n'kuchita nthambi, ndipo tizilomboto timakhala m'kati mwa mwala momwemo mmene mankhwala safika. Pa mwala umenewu palibe kachidutswa kakang'ono: kalikonse kotsala kamabweretsanso matenda ndi mwala womwe. Mwana ndi mayi wapakati ayambe ndi sikani nthawi zonse.

Ndipo ndingasunge zithunzi. Amene mukuchokera kunja, musangobwera ndi kalata yokha. Pemphani CD kapena fulashi ya zithunzi zonse, za opaleshoni isanachitike ndi za pambuyo pake, chifukwa wojambula wa kwanu amaona zambiri akakhala ndi poyerekezera. Kandimverere anakanena za m'maluwa: mawu akuti "mwala wachoka" olembedwa ndi munthu wina sangalowe m'malo mwa chithunzi chimene dokotala wanu angadzionere yekha.

Achimwene anawachotsa kachidutswa kotseka kaja, ndipo ulendo uno tizidutswato sitinabwere nato kunyumba. Tinapita ku labotale, pamodzi ndi ta m'kabotolo koyamba kaja, ndipo yankho linali uric acid. Tiwiri totsala pansi pa impso sanatichitire opaleshoni, chifukwa mwala wa mtundu umenewu umasungunuka mkodzo ukachepa asidi. Anawapatsa potassium citrate, n'kuwauza kumwa madzi okwanira kuti azikodza malita awiri ndi theka pa tsiku, ndi kuchepetsa nyama ya m'kati ndi mchere. M'mawa uliwonse amaviika kapepala mu mkodzo n'kuyerekeza mtundu wake ndi tchati cha pa botolo, kufuna kuti nambala ikhale pakati pa 6.5 ndi 7. Patatha miyezi itatu anajambulidwa CT ya cheza chochepa, ndipo tiwiri tija tinali titasowa. Tsopano amapita ku sikani miyezi 6 iliyonse pa chipatala cha boma lathu. Ulendo wathawu ndinawaperekeza. Wojambula anawagoneka chammbali, anawauza kupuma kwambiri n'kugwira mpweya, kenako anatembenuzira sikirini kwa iwo n'kuloza ndi cholembera: "Impso yanu ndi iyi, Bambo. Pakati apa pakadakhala pakuda ikadatupa. Mubwerenso mu Meyi, ndipo buku ili musaliiwale."